Ian Murdock, mnyamata wa zaka 20 amene adayambitsa Debian

Ngati mudatumizapo ndalama kumudzi nthawi yokolola kuti agulire matumba a PICS, ntchito ya banja la a Murdock idakufikani kale, ngakhale dzinalo simudalimvepo. Matumba aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja, amene ukawamanga bwino anankafumbwe amasowa mpweya nkufa popanda kuthira mankhwala, adachokera m'kafukufuku wa a Larry Murdock, katswiri wa za tizilombo pa yunivesite ya Purdue m'chigawo cha Indiana ku America. Chilembo P mu PICS chikuimira Purdue yomweyo. Mbiri ino ndi ya mwana wawo Ian, amene adamwalira mu 2015 ali ndi zaka 42, ndipo zimene adayambitsa ife okhala kunja timazigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku osadziwa.

Chimene Ian adayambitsa chimatchedwa Debian. Ndi gulu la mapulogalamu oyendetsera kompyuta, monga ilili Windows, koma ndi chaulere, ndipo aliyense angathe kuona mmene chidalembedwera nkuchisintha. Mwana akatsegula Wikipedia polemba homuweki, maseva amene amamuyankha amayendera Debian. Timakompyuta ta Raspberry Pi timene ana ambiri ku Britain amaphunzirira kulemba mapulogalamu timayendera pulogalamu yochokera ku Debian. Mu 2013 malaputopu ena a pa International Space Station, malo ofufuzira aja ozungulira dziko m'mlengalenga, adawachotsa pa Windows nkuwaika pa Debian. Ubuntu nayo, imene ambiri ku South Africa mumaidziwa, ndi mwana wa Debian.

Ian adabadwa pa 28 Epulo 1973 mumzinda wa Konstanz ku West Germany, pafupi ndi malire a Switzerland. Makolo ake onse adali a ku Indiana. Ku Germany adangopita chifukwa bambo ake ankachita kafukufuku kumeneko. Choncho naye adali mwana wobadwira kuchilendo, ngati ana athu obadwira ku Leeds kapena ku Pretoria, kungoti iwo adabwerera kwawo msanga, mu 1975. Kuyambira 1977 banjalo lidakhazikika ku Lafayette, bambo atapeza ntchito ku Purdue. Ian ali ndi zaka 9, bambo ake adasiya taipilaita nkuyamba kugwiritsa ntchito kompyuta ya Apple II+, ndipo tsiku lina adabwera nayo kunyumba pamodzi ndi gemu kuti mwana aseweretse. Apo ndi pamene padayambira zonse. Komabe atamaliza sekondale mu 1991 sadasankhe za makompyuta. Adalowa ku Purdue m'sukulu ya zamalonda, ndipo chidamubweza ku makompyuta ndi phunziro lokakamiza lolemba mapulogalamu, pamodzi ndi makina a Unix amene adawapeza m'malabu a pa yunivesitepo.

Makina a Unix adali okwera mtengo, a mayunivesite ndi makampani akuluakulu. Wophunzira wamba sakadatha kukhala nawo kuchipinda kwake. Koma mu 1991 wophunzira wina ku Helsinki m'dziko la Finland, Linus Torvalds, adali atayamba kulemba Linux, yogwira ntchito ngati Unix koma pa kompyuta wamba, nkuiika pa intaneti kwaulere. Kumayambiriro kwa 1993 Ian adagula madisiki a floppy pafupifupi 30 nkuyamba kukopera Linux pang'onopang'ono mu labu ya pasukulu. Ana inu amene simudaionepo disiki yotere, dziwani kuti chithunzi chimodzi cha foni ya masiku ano sichingakwanemo.

Apa pafunika kufotokoza chinthu chimodzi chimene ambiri amachisokoneza. Chimene Torvalds adalemba ndi kernel, ndiye kuti mtima wa makinawo. Chili ngati injini ya chigayo. Injini yokha sigaya chimanga. Pamafunika lamba, sefa, polowetsera chimanga ndi potulukira ufa, ndipo pamafunikanso munthu wodziwa kulumikiza zonsezi. Zida zina zofunikazo zidalipo, zambiri zochokera ku ntchito ya GNU imene Richard Stallman adayambitsa, koma zidali mbalambanda m'malo osiyanasiyana pa intaneti. Anthu ena adayamba kuzisonkhanitsa pamodzi nkuzitcha distribution. Yotchuka nthawi imeneyo idali SLS, ndipo idali ndi zolakwika zambiri zimene zinkatenga nthawi kuti zikonzedwe. Ian adayesa kuikonza yekha, kenako adaona kuti kuli bwino kungoyamba ina.

Pa 16 Ogasiti 1993, ali ndi zaka 20, adalengeza pa Usenet, bwalo limene anthu a makompyuta ankakambiranapo masiku amenewo, kuti akupanga distribution yatsopano. Dzina adalipeza pophatikiza chiyambi cha dzina la chibwenzi chake, Deb, ndi lake, Ian. Awiriwo adadzakwatirana nkubereka ana atatu.

Mu Januwale 1994 adatulutsa chikalata chotchedwa Debian Manifesto. Ndi chachifupi, ndipo mukachiwerenga mumamva kuti wolembayo ndi mnyamata wopsa mtima. Adadzudzula anthu ogulitsa Linux pa madisiki amene ankatsatsa zinthu zosatha kugwira ntchito, nkumabisa zolakwika zimene ankazidziwa. Adaonanso kuti kusonkhanitsa mapulogalamu ndi kosavuta kuyamba koma kovuta kusamala, moti ambiri ankayamba ndi changu nkutopa panjira. Mankhwala ake adali akuti ntchitoyo isakhale ya munthu mmodzi kapena kagulu kotsekera chitseko, koma igwiridwe poyera ndi aliyense wofuna kuthandiza, monga mmene Linux yeniyeniyo inkapangidwira. Bungwe la Stallman la Free Software Foundation lidagwirizana nazo, ndipo lidathandiza ntchitoyo ndi ndalama kwa chaka chimodzi, kuyambira Novembala 1994 mpaka Novembala 1995.

Kunena kuti aliyense athandize ndi kosavuta. Amene tidaimapo kutsogolo kwa kalasi timadziwa kuti ntchito ya pagulu ikapanda kugawidwa ndi maina, amaigwira ndi ana awiri, ena onse ali chicheze. Nzeru ya Debian idali pa kagawidweko. Pulogalamu iliyonse idamangidwa payokha ngati phukusi, ndipo phukusi lililonse lidapatsidwa munthu wolisamala. Phukusi la Debian ndi fayilo yothera ndi zilembo .deb. Mkati mwake muli pulogalamuyo, komanso kakalata konena dzina lake, nambala yosonyeza kuti ndi kutulutsa kwachingati, dzina ndi imelo ya wolisamala, ndi maphukusi ena amene liyenera kukhala nawo kuti ligwire ntchito. Pulogalamu yotchedwa dpkg imamasula phukusilo, kuika chilichonse pamalo pake, nkulemba m'kaundula kuti fayilo yakuti ndi ya phukusi lakuti. Ian ndiye adayamba kulemba dpkg mu 1994, ndipo posakhalitsa Ian wina, Ian Jackson wa ku Britain, adailembanso mwatsopano nkuilimbitsa.

Mwina zikumveka ngati ntchito ya kalaliki, yongolemba maina m'buku. Koma chitetezo cha kompyuta chagona pomwepo. Pulogalamu iliyonse yaikulu imakhala ndi zolakwika, ndipo zina mwa zolakwikazo ndi ziboo zimene wakuba angalowerepo. Chiboo chikapezeka, mafunso amakhala atatu: kodi pulogalamu imeneyi ilimo m'kompyuta yanga, ndani aikonze, nanga yokonzedwayo indifika bwanji? Munthu amene adangotola mapulogalamu uku ndi uku sangayankhe ngakhale funso loyamba. Wa Debian amayang'ana m'kaundula, wolisamala phukusilo amadziwika, ndipo lokonzedwalo limalowa m'malo mwa lakale popanda kufufuta kompyuta yonse nkuyambiranso. Kuonjezera apo, mapulogalamu mazanamazana amatha kudalira kaphukusi kamodzi, monga kobisira mauthenga. Kakakonzedwa kamodzi kokha, onse aja atetezedwa. Lero timangodina batani pa foni nkuona mapulogalamu akudzikonza okha, koma mu 1994 zimenezi zidali zachilendo, ndipo masitolo a mapulogalamu a m'mafoni adabwera patatha zaka zoposa khumi.

Pofika kumapeto kwa 1995 osamala maphukusi adali pafupifupi 60, ambiri osaonanapo maso ndi maso. Debian 1.0 sidatulukepo: kampani ina yogulitsa ma CD idatenga ntchito yosatha nkuilemba molakwika kuti 1.0, ndiye pofuna kupewa chisokonezo nambalayo adangoidumpha. Yoyamba yeniyeni idali 1.1, ya mu Juni 1996, yokhala ndi maphukusi 474. Koma pamene inkatuluka, Ian adali atatula kale udindo. Mu Malichi 1996, asadakwanitse zaka 23, adasiya utsogoleri m'manja mwa Bruce Perens, ndipo chaka chomwecho adalandira digiri yake ya sayansi ya makompyuta.

Kwa ine, apa ndi pamene pali ukulu wa munthuyu. Si ambiri amene amayambitsa chinthu, kuchipatsa dzina lawo lenileni, nkuchisiya chikungoyamba kumene kubala. Timaona m'mipingo, m'mabungwe a maliro ndi m'magulu athu a kunja kuno momwe woyambitsa amakakamirira mpando mpaka gulu kugawikana. Ian adatsogolera zaka zosakwana zitatu. Zambiri zimene Debian imadziwika nazo lero zidabwera iye atachoka, koma zidamera pa maziko amene adaika.

Perens ankagwira ntchito ku Pixar, kampani imene idapanga filimu ya Toy Story, nchifukwa chake mpaka lero Debian iliyonse imatchedwa dzina lochokera m'mafilimu a Toy Story: Buzz, Rex, Woody, Jessie ndi ena. Mu Julaye 1997 osamala maphukusi adagwirizana pa chikalata cha malonjezo chotchedwa Social Contract. Limodzi mwa malonjezowo ndi lakuti zolakwika sizidzabisidwa, ndipo kaundula wa madandaulo onse adzakhala poti aliyense angawerenge. Mu 1998 adavomereza malamulo oyendetsera gululo, ndipo kuyambira pamenepo mtsogoleri amasankhidwa chaka ndi chaka. Mu 1999 Debian 2.1 idabwera ndi APT, pulogalamu imene imapita yokha kunkhokwe ya maphukusi, nkutenga limene mwapempha pamodzi ndi ena onse ofunika.

Nkhokwe yotere ikakhala yotsegukira aliyense, mungadziwe bwanji kuti wina sadathiremo chiphe? Yankho la Debian lili pawiri. Poyamba, munthu saloledwa kuika phukusi m'nkhokwemo asadadziwike. Amakhala ndi kiyi wachinsinsi wa pa kompyuta wosainira ntchito yake, ndipo anzake akale m'gululo amachitira umboni kuti kiyiyo ndi wake, nthawi zambiri atakumana naye nkuona chiphaso chake. Nkhokwe nayo imasaina mndandanda wa zonse zili mkati, ndipo kuyambira Debian 4.0 ya mu 2007, APT imayamba yaona siginechayo isadalandire phukusi, monga mmene mumayang'anira chidindo pa botolo la mankhwala musadagule. Kachiwiri, phukusi latsopano silifika msanga kwa anthu wamba. Limayamba lakhala m'chigawo chotchedwa unstable, chimene dzina lake lina ndi Sid, mnyamata uja wa mu Toy Story wokonda kuphwanya zidole. Likakhala masiku angapo popanda vuto lalikulu limapita ku testing, ndipo pafupifupi zaka ziwiri zilizonse testing imasanduka stable. Anthu amainyoza Debian kuti mapulogalamu ake ndi akale. Nzoona, koma mabanki a mauthenga ndi maseva amene sayenera kuzima amaikondera kuchedwa komweko.

Sikuti zonse zakhala zikuyenda bwino. Mu Novembala 2003 wakuba wina adapeza pasiwedi ya mmodzi wa osamala maphukusi, nkugwiritsa ntchito chiboo cha mu kernel kulanda maseva anayi a Debian. Gululo lidalengeza poyera, lidatseka maakaunti, lidafufuza nkhokwe nkupeza kuti sidakhudzidwe. Choopsa kuposa pamenepo chidachitika mu 2006. Wosamala phukusi la OpenSSL, limene limapanga makiyi obisira mauthenga, adachotsamo mizere ingapo chifukwa pulogalamu yofufuzira zolakwika inkaidandaula. Adachita ndi mtima wabwino, ndipo adafunsako kwa eni pulogalamuyo, koma mizere ija ndi imene inkachititsa kuti makiyi akhale osatheka kuwalota. Kuyambira pamenepo makiyi a mtundu uliwonse amene akadatha kutuluka adangotsala 32,767. Tayerekezani kampani ya maloko imene makiyi ake onse angakwane m'chidebe chimodzi. Kompyuta ingawayese onsewo m'kanthawi kochepa. Palibe adazindikira mpaka Meyi 2008, pamene Luciano Bello wa ku Argentina, yemwenso adali wa m'gulu la Debian, adatulukira vutolo. Ubuntu nayo idakhudzidwa, ndipo anthu padziko lonse adayenera kutaya makiyi awo nkupanga ena. Njira yomweyo imene imafikitsa msanga chokonzedwa kwa aliyense idafikitsanso cholakwikacho kwa aliyense, ndipo amene amatama njira ya Murdock ayenera kuvomereza zimenezi.

Pamene zonsezi zinkachitika, mwini dzinayo adali kwina, akuyesa zina. Adagwirako ntchito ku University of Arizona, kenako mu 1999 adatsegula kampani ya Progeny Linux Systems ku Indianapolis, yofuna kupanga malonda kuchokera pa Debian. Idayamba nthawi imene makampani a intaneti ankalandira ndalama zankhaninkhani, ndipo msika utagwa idavutika, mpaka idatsekedwa mu 2007. Amene adakwanitsa zimene Progeny inkafuna adali mnzake wobadwa chaka chimodzi naye, Mark Shuttleworth wa ku Welkom ku South Africa. Shuttleworth adakhalapo wosamala phukusi mu Debian, adalemera atagulitsa kampani yake ya Thawte mu 1999, ndipo mu Okutobala 2004 adatulutsa Ubuntu. Liwuli ndi la Chizulu ndi Chixhosa, ndipo ndi lomwe lija ife timati umunthu. Ubuntu imatenga maphukusi ake ambiri ku Debian nkuwakonza kuti munthu wamba asavutike nawo. Murdock sadabise nkhawa yake. Mu 2005 adachenjeza kuti Ubuntu ikapatuka kwambiri, phukusi la mbali imodzi lidzaleka kugwira ntchito mbali inayo, ndipo banja la Debian lidzagawikana monga idagawikirana Unix.

Nkhawa imeneyi ndiyo idatenga zaka zake zotsatira. Mu 2006 adakhala mkulu wa zaumisiri ku Free Standards Group komanso wapampando wa Linux Standard Base, ndipo bungwelo litaphatikizana ndi lina mu 2007 nkukhala Linux Foundation, adapitiriza udindo womwewo. Linux Standard Base idali muyezo: mndandanda wa zimene distribution iliyonse iyenera kukhala nazo, ndi mayeso otsimikizira kuti ikutsatadi, kuti wolemba pulogalamu alembe kamodzi nkugwira ntchito paliponse. Idafika povomerezedwa ndi bungwe loona za miyezo padziko lonse la ISO. Koma kulemba muyezo ndi kwina, kuti anthu autsate ndi kwina. Makampani ochepa okha ndi amene ankayesetsa mapulogalamu awo, ndipo mu 2015 Debian yomwe idasiya kutsata mbali yaikulu ya muyezowo, poona kuti ntchito yake inkachuluka kuposa phindu.

Mu Malichi 2007 adadabwitsa ambiri polowa ntchito ku Sun Microsystems, kampani imene Unix yake, Solaris, inkapikisana ndi Linux. Kumeneko adatsogolera Project Indiana, yotchedwa dzina la kwawo, imene idatulutsa OpenSolaris mu Meyi 2008 ili ndi njira yatsopano yotengera maphukusi kunkhokwe ya pa intaneti. Kenako adayamba kuyang'anira za cloud, ndiye kuti kubwereka mphamvu za makompyuta a kampani ina kudzera pa intaneti m'malo mogula ako. Oracle itagula Sun mu 2010 adachoka, ndipo OpenSolaris sidakhalitse. Banja lake nalo lidali litatha mu 2008. Adabwerera ku Indiana nkulowa ku ExactTarget, imene Salesforce idaigula mu 2013. Mu Novembala 2015 adayamba ntchito ku Docker ku San Francisco. Docker imamanga pulogalamu pamodzi ndi zonse zimene imadalira m'bokosi limodzi loti lingayende pa seva iliyonse, ndipo mabokosi ake ambiri amayambira pa Debian. Tinganene kuti adali atabwerera ku funso lomwe lija adayamba nalo ali ndi zaka 20.

Kumeneko adangokhalako milungu yowerengeka. Masiku otsatira Khirisimasi ya 2015 adakangana ndi apolisi a ku San Francisco ndipo adamangidwa. Atatuluka adalemba pa Twitter kuti apolisiwo adamumenya, nkulembanso mawu osonyeza kuti wataya mtima ndi moyo. Apolisi adati adaitanidwa chifukwa ankafuna kulowa mokakamiza m'nyumba ina, ndipo adalimbana nawo. Pa 28 Disembala adapezeka atamwalira kunyumba kwake. Lipoti la ofesi yoyeza mitembo, limene lidadziwika mu Julaye 2016, lidati adadzipha.

Ndidaganizapo zolumpha ndime imeneyi chifukwa ana nawonso amawerenga tsamba lino, koma mbiri ya munthu amene gulu lake lidalonjeza kusabisa zolakwika siyenera kubisa mathero ake. Adali ndi ntchito yabwino, dzina lodziwika, ndi anthu ambirimbiri omulemekeza, ndipo zonsezo sizidamutchinjirize. Kwathu nkhani zotere timazinong'ona, ndipo kunja kuno, kumene malume ndi azakhali ali kutali, munthu amatha kuvutika yekha m'chipinda popanda womuona. Ngati inu kapena mwana wanu mwalemedwa chotere, uzani munthu lero lomwe. Ku Britain a Samaritans amayankha pa 116 123 usana ndi usiku, ku America nambala ndi 988, ndipo ku South Africa kuli bungwe la SADAG.

Funso lija la amene akusamala pulogalamu lakula kuposa mmene lidalili m'masiku ake, chifukwa tsopano Linux ili m'marauta, m'ma TV, m'makamera a pakhomo ndi m'zidole zina za ana, ndipo zambiri mwa izi wozipanga akangogulitsa amaziiwala. Maboma ayamba kulowererapo. Ku Britain, kuyambira pa 29 Epulo 2024, lamulo limaletsa kugulitsa zipangizo zolumikizika pa intaneti zokhala ndi pasiwedi yosavuta kulota, ndipo wopanga ayenera kunena kuti adzakhala akutumiza zokonza kwa nthawi yaitali bwanji. Mayiko a European Union ali ndi lamulo lawo, Cyber Resilience Act, limene lidzayamba kugwira ntchito mokwanira mu Disembala 2027. Pamene linkakambidwa, a Debian adavota mu 2023 nkutulutsa chikalata chodandaula kuti lingalemetse anthu ongodzipereka, ndipo lamulo lomaliza lidapatula mapulogalamu aulere amene sali pamalonda. Debian yokha imakonza stable iliyonse kwa zaka pafupifupi zisanu.

Mu Malichi 2024 njira ija ya unstable ndi stable idayesedwa kwenikweni. Pali kapulogalamu kochepetsera mafayilo kotchedwa xz, kamene kamapezeka pafupifupi mu Linux iliyonse. Si ka Debian, ndipo kwa zaka zambiri ankakasamala ndi munthu mmodzi wongodzipereka, amene adali atatopa. Wina wodzitcha Jia Tan adayamba kumuthandiza, adadekha kwa zaka zoposa ziwiri mpaka adakhulupiriridwa, kenako adabisamo khomo lachinsinsi loti adzalowere m'maseva a anthu. Katswiri wina wa ku Microsoft, Andres Freund, akuyesa zina pa Debian unstable, adaona kuti kulowa m'kompyuta yake kudzera pa SSH kukuchedwa ndi theka la sekondi. Adalondola chifukwa chake mpaka adalipeza khomolo, nkulengeza pa 29 Malichi. Phukusi loipalo lidali litalowa mu unstable ndi testing, koma ku stable, kumene kuli maseva ambiri, lidali lisadafike.

Miyezi isanu ndi umodzi Ian atamwalira, mu Julaye 2016, msonkhano wa pachaka wa anthu a Debian udachitikira ku Cape Town, koyamba mu Africa. Debian 9, yotchedwa Stretch, idatuluka pa 17 Juni 2017 ndipo adaipereka kuti ikhale yomukumbukira. Kuyambira 2020 mpaka 2024 mtsogoleri wosankhidwa wa gululo adali Jonathan Carter wa ku South Africa. Maphukusi aja adali 474 mu 1996 tsopano adapitirira 60,000, ndipo pa 16 Ogasiti chaka chilichonse magulu a Debian m'mayiko osiyanasiyana amakumana kukumbukira tsiku limene uthenga woyamba uja udatumizidwa.